Wogogoda pa Chipinda cha Maseva

Nkhaniyi anandiuza ndi Rejoice mwini wake, mwana wa mnansi wanga ku Luwinga, tikusenda mbatata pakhonde.

Rejoice amagwira ntchito ya makompyuta pa koleji ina yaing'ono kuno ku Mzuzu. Chaka chimenecho ophunzira anachuluka zedi, koma mayina ndi malikisi awo onse anali mu seva imodzi, chikompyuta chokalamba chimene chinkalira ngati chigayo. Loweruka kunali mwambo wopereka madigiri. Sevayo ikanafa, ana mazana atatu akanavala mikanjo popanda umboni woti anakhoza.

Ndiye Lachinayi, anthu ataweruka, Rejoice anayamba kulumikiza seva yatsopano, kuti chilichonse cholembedwa mu yakaleyo chizikopeka nthawi yomweyo mu inzake. Alonda, a Paison, anamubwereka chijasi chawo, ati chipinda cha maseva chimazizira kuposa kuphiri la Kaning'ina. Anamusiyiranso tiyi m'fulasiki. Iye anakhoma chitseko n'kukhala pansi.

Zinkayenda bwino. Ankang'ung'udza kanyimbo ka kukwaya, akuyang'ana manambala akukwera.

Cha m'ma 1 koloko, seva yakale inadandaula kuti malo atha. Makinawa amalemba kaundula wa kusintha kulikonse m'timafayilo totchedwa malogi, ndipo tinali titadzaza tho. Rejoice anaganiza zongofufuta takale. Analemba lamulo lake. Chala chinali pabatani.

Go, go, go.

Anavomera, poyesa kuti ndi a Paison. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Panaima bambo wachikulire, wovala juzi yobiriwira ndi tayi, cholembera chili kukhutu. Kunja kunali nkhungu ndi mvula yowaza. Juziyo inali youma gwa.

Anamulonjera m'Chitumbuka, mwaulemu chomene, n'kumufunsa ngati wadya. Kenako anasuzumira pa sikirini.

"Mwana wanga, buku lakale sataya linzake lisanamalize kukopedwa."

Rejoice anayankha kuti malo atha. Bamboyo anamuuza kuti atsegule kabati yachitsulo, shelefu yapansi, kuseri kwa mafayilo akale. Anagwada. Anapeza disiki yosungiramo mafayilo a pakompyuta ili m'katoni, yosatsegula n'komwe. Potembenuka kuti athokoze, pakhomo panalibe munthu. Chitseko chinali chokhoma. Kiyi anali m'kati, mmene anamusiyira.

Anafuna kuthawa, koma akathawa ana aja atani? Anamwa tiyi pang'ono n'kuyamba kufufuza. Seva yatsopano inali itatsalira m'mbuyo. Timafayilo ankafuna kufufuta tija nditomwe inali isanalandire, ndipo munali malikisi omaliza a chaka chachinayi. Analumikiza disiki ija, n'kukonza zoti logi iliyonse izisungidwa kaye kumeneko isanachotsedwe. Cha m'ma 4 maseva awiri aja analingana. Pasanathe theka la ola, yakale ija inatsokomola kawiri, n'kuzima. Sinayakenso.

Kutacha, a Paison analumbira kuti geti sanatsegulire munthu. Koma a Dinah, amene amasesa m'maofesi, atamva za cholembera chakukhutu anaika tsache pansi. Ati amenewo ndi a Goodwell Mhango, kalaliki amene ankalemba malikisi pamanja m'mabuku awiri, lina la patebulo, lina lobisa m'kabati, ndipo sankaweruka mabukuwo asanafanane. Anapuma ntchito kalekale. Ali moyo ndithu, ku Katoto, kungoti miyendo inafa zaka ziwiri zapitazo.

Madigiri anaperekedwa, nthungululu mpaka kumsewu. Lamulungu potuluka m'tchalitchi, Rejoice anagula shuga ndi buledi n'kukwera minibasi ya ku Katoto. Anawapeza a Mhango pampando panja, akuothera dzuwa, bulangete lili m'miyendo. Nkhope inali yomweyo. Mayi a kunyumba anamulandira katunduyo ndi manja awiri, n'kumunong'oneza kuti Lachisanu m'mawa anapeza nsapato za bambo zili matope okhaokha, nsapato zoti sizinachoke kunsi kwa bedi chidwalireni.

Rejoice anagwada kuti apereke moni. Dzina lake anali asanatchule, ngakhale chimene wabwerera. A Mhango anamuyang'ana n'kumwetulira.

"Ndiye zinakopeka zonse?"

"Zonse, adada."

"Yewo. Basi, tsopano ndizigona tulo."