Dzina Linapita ndi Sopo

Marlys anaima pasinki atagwira ndalama yomwe anali atangoichapa. Ndalama yapepala ija inali itayera ndithu, koma dzina lolembedwa pamanja m'munsi mwake linali litafufutika ndi sopo.

Inali ndalama yakalekale, yomwe banki yaing'ono ya m'tauni mwawo, Alder Fork, inatulutsa isanagwe. Bambo ake, a Tvedt, ankasunga ndalama zambiri za mabanki a m'matauni ang'onoang'ono, koma iyi ankaikonda koposa chifukwa anasainapo anali agogo awo. Marlys anangofuna kuti ikaoneke bwino kuchionetsero cha ndalama zakale cha mawa lake. Anaiumitsa, kuisita, n'kuibwezera m'kathumba kake. Sanauze munthu.

Kutacha anapita ndi bambo ake kuholo yasukulu, komwe kunali chionetserocho. A Tvedt anapereka kathumbako kwa Mayi Kowalczyk, katswiri wotchula mitengo ya ndalama zakale, osasuzumiramo n'komwe. Mayiwo anaitulutsa, kuiyang'ana powala, kenaka kuinunkhiza.

"Bambo Tvedt, ndalamayi yachapidwa. Mumayesa sindizindikira?"

"Kuchapidwa? Ine chiiikire m'kabati sindinaigwirepo."

"Onse amatero," anatero mkulu wina pamzere. "Kapena inapita yokha kukasamba."

Anthu anaseka. A Tvedt anailandira ndalamayo n'kuyang'ana pomwe panali dzina paja. Marlys anali asanawaonepo bambo ake atasowa chonena pagulu.

"Ndine," anatero motsitsa, kenaka anakweza mawu. "Ndinachapa ndine, adadi. Inali yakuda."

Mayi Kowalczyk anavula magalasi.

"Silingabwerere dzinalo?" anafunsa Marlys. "Ndigwira ganyu tchuthi chonse, ndilipira aliyense amene angakonze."

"Mwanawe, palibe angakonze. Inki ikachoka yachoka." Mayiwo anatembenukira kwa a Tvedt. "Pepani bambo, ndinafulumira pakamwa."

Atalowa m'galimoto, a Tvedt sanalize injini. Anangokhala, kathumba kaja kali pamwendo, maso ali kuminda yachimanga yomwe inali itakwiririka ndi chipale chofewa.

"Agogo anga sindinawaonepo," anatero. "Ngakhale chithunzi chawo palibe. Ndinkawadziwira pakalembedwe kawo basi."

Marlys anaweramitsa mutu. Misozi inangoyenderera.

"Ukanandifunsa, mwanangu."

"Ndikudziwa, adadi."

Anakhalabe choncho mpaka magalasi agalimoto anachita nkhungu. Kenaka a Tvedt anatambasula dzanja n'kugwira la mwana wawo, lomwe linali lozizira ngati mwala.

"Muja ukanatha kungokhala chete," anatero. "Manga lamba, tizipita."