Dzira la Sajeni Ellwood

Izi si zopeka ayi. Anaziona ndi maso ake Tarapada, mkulu wa operekera zakudya m'nyumba yodyera mabwana a asilikali a ndege ku Assam, m'dziko la India, nkhondo ya Ajapani ili mkati. Mofizul wophika analinso pomwepo.

Mabwanawo anali ndi lamulo lawo lonunkha. Sajeni ankatha kuyendetsa ndege, iwo ali phee kumbuyo kwake kumvera mawu ake, koma akangotera sankaloledwa kuponda pakhomo pawo. Wantchito womupatsa chakudya chawo ankachotsedwa tsiku lomwelo, ndipo Tarapada anali ndi ana kumudzi odalira ntchitoyo.

Mwambo unali woti aliyense wobwerako kokaponya mabomba azilandira dzira lokazinga. Tsikulo Sajeni Ellwood sanabwereko. Ndege itagwira moto, iye anakakamira chiwongolero mpaka Bwana Harcourt, womuuza njira, atadumpha ndi parachuti. Madzulo ake Harcourt anadya dzira lake uku akudandaula kuti lapserera. Manyazi anali atawasiya m'mitambo.

Usiku umenewo mvula inali itangokata. Achule onse analeka kulira nthawi imodzi. M'khitchini munalowa fungo la petulo ndi chikopa chowauka. Kenako chitseko chakumbuyo: go, go, go.

"Achimwene, musatsegule," ananong'ona Mofizul.

Tarapada anatsegula. Panali pataima munthu, zovala zikufuka utsi. Nkhope sanaiyang'ane. Mizere itatu ya usajeni pamkono anaiona.

"Dzira langa, mdala," anatero munthuyo. "Usaope, sindilowa."

Wakufa, koma lamulo akulisungabe. Chisoni chinamugwira Tarapada kuposa mantha. Anadziwa kuti ntchito yathera pomwepo. Anakazinga dziralo yekha, naliika pa mbale ya mabwana, napereka. Manja olandirawo anali otentha. Foloko inalira pambale. Kenako zii.

M'mawa Tarapada anaipeza mbaleyo pakhomo, yoyera, koma m'mphepete mwake muli zidindo za zala zakuda, zolowa mkati ngati mbaleyo inali yaphula. Harcourt anaitembenuza. Zalazo anaziona bwino lomwe. Koma munthu wamkulu, wopulumutsidwa dzulo lomweli, funso lake linali limodzi: ndani walola sajeni kudyera mbale ya mabwana?

Tarapada anachotsedwa ntchito, namanga katundu wake masana. Amene analowa m'malo mwake anathawa madzulo omwewo. Mofizul akuti achule analekanso kulira, ndipo kugogoda kunabweranso, ulendo uno pachitseko chakutsogolo.