Paipi Yotentha ya M'sitolo ya Jeke

Anthu ankamutcha Jeke, chifukwa ali mnyamata ananyamulapo kumbuyo kwa galimoto ndi phewa mpaka mkulu wake atasintha tayala. Dzinalo linamukhala, koma mphamvuzo sizinamulemeretse. Iye ndi mkulu wakeyo anali amakaniko, ndipo galaji yawo inali ya malata otha, m'mbali mwa msewu waukulu. Ntchito ankaidziwa. Injini ikangolira, Jeke ankadziwa pamene ikudwala. Koma kunyumba kwake denga linkadontha, mkazi wake ankangosoka diresi lomwelomwelo, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana wanzeru zake, ankapita kusukulu nsapato zitaseka.

Kutsidya kwa msewu kunali sitolo ya masipeya otchipa. Mwini wake sankadziwa ngakhale kugwira sipanala, koma anthu ankapanikizana pakhomo pake ngati pali maliro. Ankagula zotchipazo n'kukamangitsa kwa aliyense pansi pa mtengo, ndipo zikawonongeka ndi pomwe ankabwera kugalaji, n'kumadandaulanso kuti amakaniko amadula.

Tsiku lina Jeke anaponya sipanala pansi.

"Achimwene, tamuoneni uyo. Manja ake ngosalala ngati a khanda, koma wagulanso galimoto ina. Ife manja akuda bii, m'matumba muli mbee!"

"Musiye," anatero mkulu wake ali pansi pa lole. "Zimene amagulitsazo ndi zitsulo zongopaka utoto. Ife timagona tulo."

"Tuloto tidya? Ine umphawi sindinakwatirane nawo. Ndiusiya, muona."

Dalaivala wina wa lole ndi amene anamunong'oneza za sing'anga wokhwimitsa anthu. Sing'angayo ankakhala kuseri kwa malo otayirako magalimoto akufa, m'chibasi chopanda matayala. Jeke anapitako dzuwa likuswa mtengo. Anapeza munthu waudongo, wa shati yoyera, atakhala pampando wa dalaivala akusenda lalanje.

"Lowani, a makaniko. Mwachedwa," anatero asanamve n'komwe dzina.

"Ndikufuna sitolo yoposa ya mnzanga uja," anatero Jeke. "Ndatopa kugona pansi pa magalimoto a eni."

"Sitolo ndi nkhani yaing'ono. Nanga ine ndidya chiyani?"

"Tchulani mtengo."

Sing'anga anaseka chapansipansi. "Ndalama ndi zanu, ine sindizifuna. Tamverani. Katundu wanu akamabwera, chitsulo chimodzi chizikhala changa. Muzichidziwa, chifukwa chizifunda m'manja ngati chamoyo. Wochifuna akabwera, mugulitseni. Osakana, osachenjeza. Chinanso, manja anuwo asadzagwirenso sipanala. Kuyambira lero ndinu wogulitsa, si wokonza."

"Nanga wogulayo chimuchitikire n'chiyani?"

"Kodi wogulitsa mpeni amafunsa chimene ukadule?"

Jeke anayang'ana manja ake.

"Ndi anthu achilendo?" anafunsa.

"Msewu ndi wautali, a makaniko. Odutsa ndi ambiri."

"Nanga ndikaphwanya lamulo?"

"Ndidzatenga zimene mwandipatsa. Tambasulani manja."

Jeke anatambasula. Sing'anga anamutema mphini m'zikhatho zonse ziwiri n'kupakamo zakuda zonunkha ngati oyilo wakupsa. Kenako anamupatsa theka la lalanje lija, nati, "Idyani, ubale wayamba."

Chuma chinabwera ngati madzi osefukira. Munthu wina wamalonda anamukhulupirira n'kumusiyira makatoni a masipeya. Jeke anayamba ndi katebulo, posakhalitsa anatsegula sitolo moyang'anizana ndi galaji ya mkulu wake. Mitengo yake inali yotsika moti mnzake uja anatseka n'kusamuka. Jeke anamanga nyumba yampanda, mkazi wake ananenepa, mwana wawo anakaphunzira unamwino.

Chitsulo choyamba chofunda anachipeza akuika katundu m'mashelefu. Anali mapadi a mabuleki. Atawagwira anamva ngati wagwira mwanapiye. Tsiku lomwelo kunabwera dalaivala wa takisi, wansangala, akuimba mluzu.

"Bwana, mapadi otchipa alipo? Galaji yapatsidyayo ikufuna kundisenda khungu."

Jeke anakumbukira lamulo la sing'anga. Anakulunga mapadiwo n'kumupatsa.

Patapita masiku, takisi ija inabwera kugalaji chokokedwa, itafinyika ngati chitini. Inalephera kuima potsetsereka. Dalaivalayo sanapulumuke, anasiya ana aang'ono. Mkulu wa Jeke atamasula tayala anapeza mapadi atayoyoka ngati makala. Anawatola m'manja n'kuwoloka msewu.

"Iwe, izi zachoka m'sitolo mwako?"

"Zotchipa n'zotchipa, achimwene. Wogula amadziwa."

"Ndaonapo zotchipa zambiri, koma chitsulo sichisanduka phulusa. Wapita kuti iwe? Bwanji masiku ano sugwira sipanala ngakhale kuikankha ndi phazi?"

"Nsanje! Mukufuna ndizifa ndi umphawi ngati inu?"

"Imva tsono. Kuyambira lero, pagalaji yanga sipadzamangidwa ngakhale bawuti yochoka muno. Kaya ndifa ndi njala, ndife ndithu."

Ndipo anachitadi. Makasitomala ankamunyoza, ena ankati ndi wokula mtima, ena ankati ndi wakaduka. Iye ankangoti, "Galimoto ndi yanu, koma manja ndi anga. Kamangitseni kwina." Galaji inayamba kumera udzu, koma mkuluyo sanasinthe mawu.

Jeke naye sanabwerere m'mbuyo. Ankadziuza kuti ngozi zinalipo iye asanabadwe. Koma zitsulo zofunda zinayamba kubwera pafupipafupi, ndipo sizinkangofunda, zinkatentha. Anagulitsa china kwa mwini minibasi, china kwa mphunzitsi wina amene anamuthokoza kwambiri chifukwa cha mtengo wabwino. Nkhani za ngozi zikamveka, Jeke ankapereka chipepeso chambiri kuposa aliyense, ndipo anthu ankamutama kuti ndi wachifundo. Chakudya chinasiya kumukomera. Akamva kulira kwa mabuleki pamsewu ankadzidzimuka mpaka kutaya kapu.

"Bambo a mwana, chikukuvutani n'chiyani?" anafunsa mkazi wake. "Manja anuwa akutentha ngati muli ndi malungo."

"Ukudya bwino, ukuvala bwino. Mafunso ngachiyani?" anamukalipira.

Kenako kunabwera paipi ya mabuleki yotentha moti anainyamula ndi nsanza. Anaiika pashelefu n'kudikira. Anthu ankabwera, ankagula zina, koma paipiyo palibe anaifunsa. Inakhala pamenepo nthawi yaitali, ndipo thabwa la pansi pake linayamba kuda.

M'mawa wina analowa mwana wake. Tsopano anali namwino, wapabanja, ali ndi khanda kumsana. Galimoto yaing'ono imene ankayendera anamugulira ndi bambo ake omwewo.

"Ababa, mabuleki akulowa mpaka pansi. Akuti paipi ikudontha. Mawa ndikupita kwa apongozi kuseri kwa mapiri kukawaonetsa mdzukulu wawo. Muli nayo?"

Jeke anadzambatuka. Anathamangira kukatoni ya mapaipi ena, koma anaipeza yopanda kanthu, chonsecho dzulo lake inali yodzaza. Anafuna kunena kuti zatha, koma lilime linauma gwa. Dzanja lake linapita lokha pashelefu paja.

"Ii, yatenthatu," anaseka mwanayo. "Inali padzuwa?"

Mwanayo anakakamira kulipira, akuti malonda alibe chibale. Jeke anangokwanitsa kunena kuti, "Upite nayo kwa bambo ako aakulu." Ankadziwa kuti mkulu wake akakana.

Anakanadi. "Mwana wanga, iyi sindimanga. Dikira ndikuyitanitsire yeniyeni, ndikumangira ulere."

"Bambo aakulu, mkangano wanu ndi ababa usandikhudze ine. Ulendo ndi wa mawa."

Ananyamuka atakwiya n'kukamangitsa paipiyo kwa munthu wina wa pansi pa mtengo.

Jeke atamva anatseka sitolo n'kuthamangira kuchibasi kuja. Anapeza sing'anga akupukuta galasi la kutsogolo.

"Munati achilendo!" anakuwa Jeke.

"Ndinati msewu ndi wautali. Kodi mwana wanu sayenda pamsewu?"

"Tengani sitolo. Tengani nyumba."

"Zimenezo ndinakupatsani ndine. Mungandilipire ndi zanga zomwe? Magazi achilendo ayamba kusukuluka, a makaniko. Ndipotu mwachita mwayi, m'galimotomo muli awiri. Mukapirira ichi chokha, mudzatsegula masitolo mpaka kutopa nawo."

Jeke anamuyang'ana m'maso. Mantha onse anamuthera.

"Mwandidyetsa anthu ngati galu wanu, ine n'kumavomera. Koma uyu simumulawa. Ameneyo ayi!"

"Paipiyo singamasuke ndi dzanja lina koma la amene anaigulitsa," anatero sing'anga mofatsa. "Ndipo lamulo la sipanala mukulidziwa."

"Ndikulidziwa. Khalani nalo lamulo lanulo."

M'mawa mwake Jeke anafika pagalaji ya mkulu wake kwa nthawi yoyamba chichokereni. Sanapereke moni.

"Achimwene, nyamulani bokosi la zida. Tiyeni msanga."

Mkuluyo anamuyang'ana nkhope n'kunyamula osafunsa. Anapeza mwana uja akulongedza zikwama, khanda lili kale pampando wakumbuyo. Jeke anazula makiyi pachitseko n'kuwaika m'thumba.

"Ababa, mwatani?"

"Tulutsa mwanayo. Galimoto iyi sichoka pano."

Mkulu wake analowa pansi pa galimoto n'kuyesa kumasula. Anakoka mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, koma nati yogwira paipi sinasunthe. Anatuluka akupukusa dzanja.

"Ikuwotcha ngati yachoka pamoto. Jeke, wachita chiyani iwe?"

"Ndipatseni sipanala."

Anavula jekete lake lodula n'kugona pafumbi. Chitsulo chitangokhudza chikhatho chake, mphini zija zinatseguka. Anamva ngati wagwira khala lamoto, koma sanasiye. Anakukuta mano n'kukoka. Nati inalira, inatembenuka. Magazi ankatsikira m'zigongono, iye akungozungulitsa, akukuwa ngati akukangana ndi munthu amene ena sankamuona.

"Simumutenga! Ndati simumutenga!"

Paipi inagwa pansi n'kuyoyoka phulusa. Mwana wake anafumbata khanda lake. Jeke anatuluka chokwawa, ndipo pamaso pa anthu amene anasonkhana ananena zonse, za chibasi, za dalaivala wa takisi, za mphunzitsi, za minibasi. Akulankhula choncho zala zake zinkapindika chimodzichimodzi, mpaka manja onse anafumbatika n'kuuma ngati mizu. Sipanala anachita kuizula mkulu wake.

Anthu atatsegula sitolo anapeza zonse zitadyeka ndi dzimbiri, mashelefu atagwa, ngati mwakhala madzi kwa zaka. Abale a anthu amene anafa atamva nkhaniyo anabwera ndi miyala, ndipo nyumba yampanda ija inatsala makoma okha. Mkazi wake anabwerera kwawo osatsanzika. Apolisi atapita kuseri kwa magalimoto akufa anapeza chibasi chili chokha, mutamera udzu. Apolisiwo anamutenga Jeke, koma sanamusunge nthawi yaitali, chifukwa mutu wake unali utasokonekera kale. Ankayankha mafunso amene sanafunsidwe, n'kumatchula anthu akufa ngati aima pakhomo.

Mwana wake anapulumuka pamodzi ndi khanda, koma anasamukira kutali. Ankati akaona nkhope ya bambo ake amaona ana a dalaivala wa takisi uja. Jeke anatsala ndi mkulu wake yekha, yemwe ankamusambitsa ndi kumudyetsa ndi sipuni. Masana Jeke ankathawa n'kukaima pakati pa msewu, manja opuwalawo ali m'mwamba, akuimitsa magalimoto.

"Imani! Ikutentha! Tsikani nonse, ikutentha!"

Madalaivala omudziwa ankamuzemba. Koma tsiku lina kunabwera lole yachilendo yodzaza katundu. Dalaivala anaponda mabuleki ndi mphamvu zake zonse, matayala analira, koma mtunda unachepa. Jeke sanasunthe ngakhale phazi. Pamaliro pake panali anthu ochepa, ndipo bokosi anakhoma ndi mkulu wake.

Umphawi umawawa, palibe angatsutse. Koma chuma chodzera m'mankhwala chili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo sakhuta. Amayamba ndi anthu amene suwadziwa, n'kumasendera pang'onopang'ono mpaka atalowa m'nyumba mwako. Jeke analimba mtima pomaliza n'kupulumutsa wake, koma ana a eni anali atapita kale, ndipo kulimba mtimako sikunadzutse ndi mmodzi yemwe. Dyera likakunong'oneza kuti pali njira yachidule, likanire pomwepo usanatambasule manja. Kuli bwino kudya zochepa za thukuta lako kusiyana ndi kukhuta zimene mtengo wake ndi moyo wa munthu.