Mzere Wotsalira Pansi

Izi si zongomva. Anaziona ndi anthu awiri, mtsikana wolemba mapulogalamu ndi mayi okolopa mu ofesi, ndipo onsewa sakonda kukokomeza nkhani.

Linali Lachinayi masana, ena atapita kukadya. Pulogalamu yolembera odwala inkayenda ngati nkhono, ndipo abwana anali atanena poyera kuti ikapanda kuchira pofika Lachisanu, mtsikanayo asadzavutike kubwera Lolemba. Choncho anatsegula chida choyezera pomwe pulogalamu ikutayira nthawi. Chidachi chimandandalika pa sikirini yakuda kachigawo kalikonse ka pulogalamu ndi kanzake komwe kakaitana, kutsika mpaka pachiyambi. Mizere inkatuluka mazana, maso kuchita kuwawa. Analemba lamulo loti chionetse mizere isanu yokha.

Inatuluka isanu ndi umodzi.

Wapansiwo unali "dikira_kaye", kachigawo ka Madala, mkulu amene anamuphunzitsa ntchitoyi. Madala ankakaika mu pulogalamu iliyonse, osafotokoza chifukwa. Atamwalira, mtsikanayo anakafufuta sabata yomweyo, ati kankangochedwetsa zinthu.

Anafufuza m'mafayilo onse. Munalibe.

Analamula itatu. Inatuluka inayi.

"Amayi, tabwerani. Tandiwerengereni mizere iyi."

"Ine ndi makompyuta? Mwandiona bwanji lero, achemwali?" Mayiwo anatsamira chokolopera, n'kusuzumira. "Inayi." Kenako ananunkhiza. "Wadzola mankhwala a chifuwa aja ndani?"

Panalibe wodzola. Ankadzola mankhwalawo ndi Madala, ndipo kabotolo kake anakataya kalekale, pamodzi ndi kapu yawo.

Fani ya kompyuta inasiya kulira. Pakona, mpando wa Madala, umene sunakhalidwepo chichokereni mwini wake, unati kwii.

Mtsikanayo analamula mizere ziro.

Mzere umodzi. Womwe uja.

"Abwezereni chawo," mayi aja ananong'ona.

M'dirowa ya Madala munali kope lawo lolemba pamanja. Kachigawoko kanalimo, timizere titatu basi. Anakakopera mmene kanalili, osasintha ngakhale kadontho. Fani inayambanso kulira. Pulogalamu inathamanga ngati yatsopano.

Lolemba anabwera kuntchito, ndipo adakali komweko. Akalamula isanu, imatuluka isanu. Koma "dikira_kaye" saonekanso pamndandanda: chida chimati palibe chomwe chimakaitana.

Atsopano akafunsa ntchito ya kachigawoko, iye amayang'ana pakona paja.

"Kasiyeni," amatero.