Chivundikiro cha Dzenje la Kuseri kwa Fakitale

Mlakatuli ananyamuka kuseri kwa fakitale usiku utapita kale, ali yekha, akugubuduza chivundikiro chachitsulo cha dzenje la ngalande.

Nzeruyi inali ya Wamtali. Anyamata atatuwa, Wamtali, Chigaza ndi Mlakatuli, analephera mayeso limodzi, ndipo chaka chathunthu anachithera pakhonde la wometa tsitsi, kumangoyang'ana magalimoto odutsa. Wamtali anati wogula zitsulo zakale safunsa kumene wazitenga. Chigaza anabweretsa chitsulo chokanulira. Mlakatuli, amene ankafuna nsapato zatsopano zoti akaonekere nazo kwa mwana wamkazi wa telala, mnyamata wina asanamutsogolere, anabweretsa chikwama chake cha kusukulu.

"Chimenechi ukufuna uchiike m'chikwamamo?" anafunsa Chigaza atachikanula. "Akulu, n'chifukwa chake masamu anakukana."

Atatu onse analephera kuchinyamula. Kenako galu anauwa, Wamtali anati ndi apolisi, awiriwo phazi thandize. Mlakatuli anatsala. Anakumbukira mmene mtsikana uja amalumira ulusi ndi mano, mtima wake unasungunuka, anachiimika chitsulocho ngati tayala n'kuyamba kukankha.

Atayenda ndithu m'pamene zinamufika m'mutu. Dzenje analisiya kukamwa yasa pakati pa njira yopanda magetsi, imene antchito a m'mawa amadutsa kusanache. Mayi ake amene, osesa m'fakitalemo, amadzera pomwepo, amakhalanso oyamba chifukwa makiyi amasunga ndi iwo. Kubwerera kunali kutali, komanso ankaopa apolisi. Anaganiza zongofika kunyumba msanga, akawauze kuti lero adzere kwina. Bodza akalipeka panjira.

Pamtunda wokwerera pamlatho chitsulo chinamupulumuka n'kugwa chafufumimba. Anayesa kuchidzutsa mpaka zikhadabo zinathyoka. Sichinasunthe.

"Wachipeza."

Anatembenuka. Kumbuyo kwake kunaima bambo wina wovala ovolosi, kachitini ka chakudya kali m'manja. Anali wonyowa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chikhalirecho mvula inali isanagwe mwezi wonse.

"Ndi cha malume anga, bambo," anatero Mlakatuli. "Andituma."

"Ndachidikira nthawi yaitali."

Bamboyo anawerama n'kunyamula mbali imodzi ndi dzanja limodzi, ngati mbale. Mlakatuli anagwira mbali inayo, akuthokoza mumtima. Anaoloka mlatho. Koma kutsidya, mmalo molunjika kunyumba, bamboyo anakhotera kumsewu wakale wotsikira kumtsinje.

"Kwathu si uku, bambo."

"Kumazizira pansi paja. Madzi amangolowa."

Mlakatuli anafuna kusiya. Zala zinakana. Zinamatirira kuchitsulo. Anamvetsera... nsapato zinkamveka zake zokha. Kwa mnzakeyo kunkangomveka madzi. Tho... tho... tho... Ndipo fungo. Fungo la ngalande yotsekeka.

Anayenda. Anayendabe. Kummawa kunayamba kutuwa.

Anaima pa dzenje lina, lakale, limene munthu anangoikapo nthambi yaminga. Bamboyo anakankha nthambi ndi phazi. Anatsitsa chitsulo pambali. Kenako analowetsa mwendo m'dzenjemo. Wina. Chiuno. Mapewa. Kunatsala nkhope yokha, yotupa, yosaphethira.

"Vundikira."

Mlakatuli anakankha. Chitsulo chinatsetsereka chokha... khu! Chinakwana ndendende.

Kuwala kwa tochi kunamumenya m'maso. Anali mlonda wa panyumba yopopera madzi, nkhalamba ya chijasi chong'ambika. Anaunika chivundikiro, anaunika mnyamata, anaunikanso chivundikiro.

"Wabweretsa ndiwe? Zaka zisanu ndi ziwiri tikupempha chimenechi, palibe anabwera."

"Muli munthu mmenemu, agogo," anatero Mlakatuli. "Wa ovolosi. Ndamutsekera."

Mlondayo anatsitsa tochi pang'onopang'ono.

"Ali ndi kachitini?"

Mlakatuli anagwedeza mutu movomera.

"Ameneyo anali makaniko. Tianyamata tina tosowa chochita tinaba chivundikiro cha pano, iye akupita kuntchito m'bandakucha n'kugweramo. Ife tinamuvuula patatha masiku atatu, kachitini kadakali m'manja. Ndinagwira nawo miyendo ine ndemwe."

Kutali, kutsidya kwa mtsinje, wezulo ya fakitale inalira yoyamba. Nthawi imeneyo mayi ake amakhala atakiya kale chitseko cha kunyumba, ali panjira.

Mlakatuli anagwada n'kuyamba kukanda m'mbali mwa chitsulocho ndi zala zamagazi. Panalibe pogwira. Chokanulira anathawa nacho Chigaza. Anadzuka, anaterereka, anadzukanso, n'kuyamba kuthamangira kumtunda, mtunda umene anautsika ola lathunthu.

Mlonda anamuunikira njira ndi tochi mpaka pamene kuwala kunathera.

"Mulungu akudalitse, mwana iwe," anafuula. "Mayi ako anabala munthu."