Mphungabwi wa Joice

Dzuwa litapendeka, Joice anatenga ndowa kukathirira kadimba kake kuseri kwa nyumba. M'mudzi wawo, kufupi ndi Limbuli, panalibe wosadziwa kadimbako. Munali mphungabwi wa chifuwa, nimu wa malungo, gwafa wa m'mimba, ndi kamtengo ka muwawani kamene mwamuna wake Fanuel anakazula kuphiri. Joice sanali sing'anga. Ankangowiritsa masamba monga anamuphunzitsira malemu mayi ake, n'kuthirira aliyense wobwera ndi botolo.

Tsikulo madzi atagwera pa mphungabwi, panatuluka fungo la nyama yoola. Anafunafuna khoswe wakufa, osamupeza. Atagwira dothi, linali lofunda ngati pamene pangochoka nkhuku yofungatira.

Sabata yomweyo anamwalira Anesi, mnzake wothyola naye tiyi ku esiteti, amene anamwa mphungabwi chifukwa cha kachifuwa chabe. Mimba inatupa ngati ng'oma, ndipo asanatsirizike anasanza masamba athunthu, obiriwira, chonsecho Joice anali atasefa mankhwalawo ndi kansalu. Anatsatira a McDonald, mlonda wopuma ntchito. Kenako mwana wamkazi wa a Pilato, wa zaka zinayi. Onse imfa yake imodzimodzi.

Kumjigo akazi ankasuntha ndowa zawo Joice akafika. Kutchalitchi ankakhala yekha benchi lonse. Ena ankati akadutsa pa kadimbako amamva chinthu chikupuma pansi pa nthaka, ena ankati agalu asiya kudzera njira imeneyo. Fanuel yekha ndiye ankamuuza kuti alimbe mtima, pakamwa pa anthu satsekapo.

Atamuika mwanayo, anthu sanabwerere kusiwa. Analunjika kwa Joice, makasu a kumanda ali pamapewa, dothi lofiira lidakali m'mapazi.

"Zula wekha, mfiti iwe," anatero a Pilato, mawu atasasa ndi kulira.

"Bambo, mwanayo ndamuberekapo kumsana kwangaku."

"Zula."

Joice anagwada n'kuyamba kuzula. Atakoka tsinde lalikulu la mphungabwi, mizu inatuluka itakulunga nsupa, kachipanda kakuda kopaka mafuta, kovekedwa mikanda. Kankafufuma n'kuphwa ngati pakhosi pa chule. Anthu anabwerera m'mbuyo. Joice analumbira kuti chinthucho sanachionepo chibadwire, koma mlongo wake wa Anesi anamuwomba mbama asanamalize.

Fanuel analowa pakati, anagwira dzanja la mkazi wake, n'kupempha kuti chinthucho chisungidwe mpaka abusa abwere adzapemphere.

"Chonde, musachiotche," anatero.

A Pilato anakokera udzu wouma pamodzi, anayatsa machesi, n'kukankhira nsupayo pamoto ndi khasu.

Joice ndiye anayamba kumva. Dzanja la Fanuel linatentha m'dzanja lake ngati chigwiriro cha poto. Atayang'ana, matuza anali kutuluka pamkono pa mwamunayo, kukwera kupita kukhosi, ndipo panamveka fungo la tsitsi lopserera. Fanuel sanalire. Anangoluma mano, maso ali pamoto. Nsupa itaphulika, anataya dzanja la Joice n'kuthamangira m'minda ya chimanga, kulowera kumalire a dziko. Amuna anamuthamangitsa mpaka kumtsinje, koma anabwerako ndi patapata imodzi yokha.

Panalibe amene anapepesa. Anatchetcha kadimba konse, mpaka gwafa anamudula. Mlongo wa Anesi analavula malovu pakhomo, akuti zaka khumi ndi ziwiri pamphasa imodzi ndi mfiti munthu sangalephere kudziwa. Kenako onse anabwerera kusiwa.

Joice anakhala pakhonde, utsi ukumulowa m'maso. Apo m'pamene anakumbukira za m'mawa wa tsikulo. Anadzuka akutsokomola, ndipo Fanuel, munthu amene sanagwirepo poto chikwatirane, anakoleza yekha moto, anamuwiritsira mphungabwi, n'kuima pambali pake mpaka kapu inatha.

Joice anamasulako chitenje m'chiuno. Chinali chitayamba kumuthina pamimba.