Dzina la Malemu pa Mndandanda

Mtsikana wina anakulira m'nyumba yabwino. Mayi ake, amene anali namfedwa, ankalima kamunda kuseri kwa nyumba, ndipo sankagwira khasu asanapemphere ndi ana awo. Mtsikanayo atamaliza sukulu anapeza ntchito ku ofesi ya zaulimi, yolemba mu kompyuta mayina a alimi oyenera kulandira thandizo la boma logulira mbewu ndi feteleza. Anthu anayamba kumutchula kuti Kalembera.

"Mwananga, chuma cha anthu chimayaka m'manja," anatero mayi ake akumusitira bulauzi. "Ukagwire ntchito yokha."

"Ndamva, Amayi."

Miyezi itatu inadutsa bwinobwino. Kenako kunayamba kubwera mwini sitolo ya feteleza, bambo wa mawu ofewa, wokonda kutsamira pa kauntala ngati pakwawo.

"Achemwali, nsapato zanuzo zatopa kuposa eni ake," anatero akuseka. "Mayina ochuluka chonchi angawawerenge ndani? Onjezeranipo asanu okha. Thandizo lawo lizidzera kusitolo kwanga, ine ndizikukumbukirani."

"Nanga mayinawo ndiwatenga kuti?"

"Kumanda anthu ndi ambirimbiri, ndipo sadandaula."

Kalembera anakana. M'mawa mwake anakananso, koma motsitsa mawu. Tsiku lachitatu analemba asanuwo. Mwezi wotsatira analemba makumi awiri, ndipo poti chiwerengero cha olandira chinali choikika kale, anafufuta amoyo kuti akufa apeze malo. Malemu owadziwa atamuthera, analemba dzina la bambo ake omubereka. Anadina ndithu.

Mayi ake anaona foni yatsopano ndi madiresi.

"Malipiro ako akwera liti?"

"Ndi maalawansi, Amayi. Zakuofesi simungazimvetse."

"Mwina sindingazimvetse. Koma chakudza sichiimba ng'oma, mwanawe."

Chaka chachiwiri, boma linalamula kuti mayina onse a olandira thandizo aikidwe poyera. Mapepala anamatidwa pa bolodi, panja pa ofesi. M'mawa umenewo alimi anadzaza khonde, aliyense akutsetsereza chala pa mndandanda.

Mayi a Kalembera anabwera kuperekeza mnansi wawo, mayi wosadziwa kuwerenga, amene sanalandire kanthu zaka ziwiri ndipo ana ake ankagona ndi njala. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Dzina la mnansiyo panalibe. Pa tsamba lachinayi chala chawo chinaima. Panali dzina la malemu amuna awo, ndipo pambali pake panalembedwa kuti analandira.

Sanakuwe. Analowa mu ofesi n'kuima pa kauntala.

"Bambo ako tinawaika m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo," anatero motsitsa. "Chaka chino alima munda uti?"

Kalembera anangoyang'ana pansi. Ogwira nawo ntchito anasiya kulemba.

"Ukanena wekha, kapena ndikanene ndine?"

"Ndikanena ndekha, Amayi."

Anaimirira, nakagogoda pa chitseko cha bwana wake. Anaulula zonse, dzina ndi dzina, osabisa ngakhale limodzi. Apolisi atakafunsa mwini sitolo uja, iye anati mtsikanayo sankamudziwa n'komwe. Mapepala anamutsutsa, sitolo inatsekedwa, koma zimenezo sizinamupulumutse Kalembera. Ntchito inatha, ndipo khoti linamulamula kukhala kundende miyezi khumi ndi isanu ndi itatu.

Atatuluka anapita kwa mnansi uja, nagwada pakhomo.

"Dzuka, ndakukhululukira," anatero mayiyo. "Koma mwana wanga wamkulu anasiya sukulu chifukwa cha njala ija, ndipo pano anakwatiwa. Chimenecho sungachibweze."

Kalembera analira kuposa mmene analirira kukhoti.

Inu achinyamata amene mwakhulupiriridwa ndi zinthu za anthu, mverani makolo akamakuchenjezani. Kuba ndi cholembera ndi kuba ndithu, ndipo wobedwayo ndi munthu wamoyo, nthawi zambiri wapafupi. Mulungu amakhululukira wolapa, koma zimene waonongera ena sizibwerera zonse.